Kukaonerera XTERRA ku Grabouw: mafunso ndi mayankho a ulendo wa tsiku limodzi kuchokera ku Cape Town

Amalawi ambiri amene ali ku Cape Town amawaona tsiku ndi tsiku mapiri a Hottentots Holland ali tayale chakum'mawa kwa mzinda, koma ndi ochepa amene anawakwerapo n'kukaona za kuseri kwake. Kuseriko kuli chigwa cha Elgin ndi tawuni ya Grabouw, dera la minda ya maapozi ndi mphesa, ndipo ndi kumene kwa zaka zambiri kwakhala kukuchitikira mpikisano wa XTERRA, triathlon ya m'tchire, wa dziko la South Africa. Mayankho ali m'munsimu ndi othandiza munthu amene sakukapikisana nawo, amene angofuna kulawira m'mamawa, kukadzionera yekha, n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Kodi triathlon ya m'tchire ndi masewera otani?

Ndi mpikisano umodzi wa zigawo zitatu zotsatizana: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga. Wotchi ikayamba kuwerenga pamene anthu alowa m'madzi siimanso mpaka munthu atadutsa pamzere womalizira. Palibe zoti ndipume kaye ndisinthe zovala. Nthawi yovala nsapato nayo imawerengedwa.

Triathlon imene ambiri anaionapo pa TV ndi ya pamsewu wa tala, imene inalowa m'masewera a Olympics ku Sydney m'chaka cha 2000. Ya m'tchireyi inayamba m'chaka cha 1996 pachilumba cha Maui ku Hawaii, ndipo dzina lake loyamba linali Aquaterra asanaisinthe kukhala XTERRA. Kusiyana kwake n'kwakuti njinga ndi ija ya matayala okhuthala, yoyenda m'miyala ndi m'mchenga, ndipo kuthamanga kumachitika m'tinjira ta m'phiri. Pa tala munthu amapambana ndi mphamvu ndi mpweya basi. M'tchire pamafunikanso diso ndi luso la manja, chifukwa mwala umodzi ukhoza kuboola tayala la amene anali patsogolo penipeni, nkhani yonse n'kutembenuka. Mpikisano waukulu wa dziko lonse lapansi unkachitikira ku Maui komweko kwa zaka zambiri, kenako m'chaka cha 2022 anausamutsira ku Molveno m'dziko la Italy.

Mitunda yake ndi yaitali bwanji?

Pampikisano waukulu amasambira kilomita imodzi ndi theka m'damu la Eikenhof, n'kupalasa makilomita apakati pa 25 ndi 30, kenako kuthamanga makilomita 10 mpaka 12. Njira amaisintha pang'ono chaka ndi chaka. Akatswiri amamaliza zonsezi m'maola awiri ndi theka kapena kucheperapo, pomwe anthu wamba ena amatha maola anayi ngakhale kuposa.

Palinso mpikisano waufupi wa ongoyamba kumene, umene amasambira mamita 400 okha, komanso mipikisano ya ana. Zonsezi siziikidwa nthawi imodzi, zimamwazikana kumapeto kwa sabata yonse. Tsono musanakonze ulendo dziwani kuti waukuluwo uli tsiku liti, kuti mungafike Loweruka pamene zimene mumafuna zili Lamulungu.

Umachitika liti, ndipo nditenge ndalama zingati?

Umachitika m'chilimwe cha ku Cape, kawirikawiri mwezi wa Febuluwale, pabwalo la Country Club ya ku Grabouw m'mphepete mwa damu. Tsiku lenileni limalengezedwa pa intaneti ndi okonza mpikisano, ndipo ndi bwino kulionanso sabata yomweyo ya ulendo.

Ndalama yolembetsa ndi ya opikisana. Inu zanu ndi mafuta a galimoto kapena ya takisi, chakudya, ndi kangachepe kapadera ka poimika galimoto ndi zina zogwa mwadzidzidzi. Tengani khadi komanso marandi a m'manja, chifukwa si aliyense wogulitsa m'mbali mwa msewu amene ali ndi makina a khadi.

Njira yake ndi iti?

Ndi msewu wa N2 basi, wolowera kum'mawa. Kuchokera pakati pa mzinda ndi makilomita pafupifupi 70, ulendo wa ola limodzi msewu ukakhala wopepuka. Mudutsa bwalo la ndege, Khayelitsha, kenako Somerset West kumene maloboti amachedwetsa pang'ono. Mukangotuluka m'tawuni imeneyi msewu umayamba kukwera, ndipo apa ndi pamene ulendo umayamba kukoma.

Chikweza chimenechi ndi Sir Lowry's Pass, msewu umene unatsegulidwa m'chaka cha 1830 ndipo unatchedwa dzina la bwanamkubwa wa nthawi imeneyo, Sir Lowry Cole. Usanamangidwe, ngolo za ng'ombe zinkakwera chapafupi pomwepo, pa Gantouw, pamalo otsetsereka koopsa moti mpaka lero mikwingwirima ya mateyala a ngolozo ikuonekabe pamiyala. Pamwamba pali malo oimikapo magalimoto. Imani ndithu, ngakhale mphindi khumi. Pansi panu mudzaona nyanja ya False Bay itapinda, nyumba za Strand ndi Gordon's Bay zitandanda m'mphepete mwake, ndipo kukakhala kopanda nkhungu Table Mountain imaonekera kutali uko. Munthu amene wakhala zaka akugwira ntchito mumzindawo, kuuona kwa nthawi yoyamba uli wonse pansi pa mapazi ake, amayamba wakhala chete. Polowa ndi potuluka pamalowa tsatirani zikwangwani, musadule mzere wa pakati pa msewu, chifukwa magalimoto akuluakulu amatsika mothamanga.

Mukapitirira pamwambapo mudzaona madzi a damu la Steenbras, limodzi mwa madamu amene amamwetsa Cape Town, ndiyeno nkhalango za paini ndi minda ya maapozi. Posakhalitsa zikwangwani za Grabouw ziyamba kuoneka.

Chinthu chimodzi choti muchite musanadzuke pampando kunyumba: onani pafoni ngati N2 ili yotsegula. Chigawo cha pakati pa Somerset West ndi Grabouw chimatsekedwa nthawi zina chifukwa cha ngozi, moto wa m'tchire kapena zionetsero, ndipo njira zina zozungulira n'zazitali.

Ndilibe galimoto. Ndingafike?

Mungafike, koma pafunika kukonzekera. Matakisi amayenda pakati pa Somerset West ndi Grabouw, koma amakusiyani m'tawuni, ndipo bwalo la mpikisano lili kunja kwake, mtunda woti simungausangalale kuuyenda dzuwa litakwera. Vuto lina ndi lakuti takisi imadikira kudzaza, pamene mpikisano sudikira munthu.

Nzeru yabwino ndi kusonkherana. Anthu anayi kapena asanu a mpingo umodzi kapena a malo amodzi ogwirira ntchito, mmodzi mwa iwo ali ndi galimoto, enawo n'kuthira ya mafuta. Mukakhala ambiri, kambiranani ndi mwini minibasi kuti akutengeni tsiku lonse, ndipo mugwirizane mtengo ndi nthawi yobwerera musananyamuke, osati mutafika kale kumapiri. Aliyense atenge chiphaso chake, monga mmene zimakhalira pa ulendo uliwonse wotuluka mumzinda.

Tinyamuke nthawi yanji?

Kusanache. Mwezi wa Febuluwale dzuwa limatuluka itangopitirira 6 koloko, ndipo mipikisano yotere imayamba m'mawa pothawa kutentha. Cholinga chanu chikhale kufika ola lathunthu asanalowe m'madzi. Ofika mochedwa amaimika galimoto kutali, amapeza tinjira tina titatsekedwa ndi zingwe, ndipo amaphonya chinthu chokoma kuposa zonse, chimene ndi kuyamba kwa kusambira.

Ola limenelo silotayika. Mudzaona anthu akupopa matayala, akupachika njinga pazitsulo, akuyala nsapato pakathawulo mwadongosolo loti asadzaganizenso pobwera. Wina akudya nthochi mwakachetechete, wina akulephera kutseka zipi ya kumsana ya chovala chosambirira mpaka mlendo amuthandize. Aliyense ali ndi kachipangizo kowerengera nthawi kamene wamanga pakakolo.

Ndikaime pati kuti ndione bwino?

Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa amene anakaona mpikisano ndi amene anangokapezekako. Anthu ambiri amakhazikika pafupi ndi mzere womalizira, pamene pali mthunzi, nyimbo ndi zakumwa, ndipo zimene amaona ndi anthu otopa akulandira mamendulo. Mpikisano weniweni uli kwina, ndipo muyenera kuulondola ndi miyendo.

Yambirani m'mphepete mwa damu. Chizindikiro chikaperekedwa madzi amachita thovu ndi mikono, ndipo kwa kanthawi simungasiyanitse munthu ndi mnzake, mumangoona tizipewa tamitundu tikulowera kumene kuli zoyandama zikuluzikulu zosonyeza pokhotera. Pakatha mphindi zochepa gulu lija limatambasuka kukhala mzere, akatswiri atatsogola. Anthu a timabwato amakhala m'mbali kuyang'anira amene atope.

Oyamba akamayandikira gombe, musadikire kuti onse atuluke. Thamangirani kumpanda wa bwalo losinthira, pamene njinga zapachikidwa. Kwa ine apa ndiye pamtima pa tsiku lonse. Munthu amatuluka m'madzi mutu ukuzungulira, akuthamanga opanda nsapato pa udzu, dzanja lina likuvula kale magalasi osambirira. Katswiri amafika panjinga yake osayang'ana uku ndi uku, helemeti kumutu, lamba kotsi, njinga m'manja, wapita. Zonsezi m'masekondi owerengeka. Wongoyamba kumene amadutsa mzere wake, n'kubwerera, kufunafuna njinga pakati pa mazana ofanana, kenako n'kukhala pansi kulimbana ndi sokosi imene ikukana kulowa kuphazi lonyowa. Lamulo ndi lakuti munthu asachotse njinga pachitsulo asanamange helemeti, ndipo asakwere asanadutse mzere wokwerera umene uli potulukira. Yang'anitsitsani pamzerewo: pamakhala kugundana, kutsetsereka kwa phazi pa pedulo, ndi oyang'anira akukuwa kuchenjeza ofuna kukwera msanga.

Njinga zikalowa m'phiri mumakhala ndi nthawi yoposa ola. Funsani oyang'anira njira kuti ndi malo ati amene oonerera amaloledwa kufikako wapansi. Njira ya ku Grabouw ili ndi chigawo chotchuka chimene amachitcha Rock Garden, potsetsereka podzaza miyala pamene odziwa amadutsa ali chiimire pamapedulo, thupi atalikankhira kumbuyo kwa chishalo, pamene ena amatsika n'kukankha, ndipo palibe wowaseka. Mukapeza malo otere, kaya amenewo kaya ena apafupi, khalani pomwepo ndithu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba simumva kanthu koma mphepo m'zitsamba, kenako kulira kwa tcheni ndi mabuleki, fumbi, munthu wadutsa. Mukaona anthu makumi awiri akudutsa pamwala umodzimodzi mumayamba kuzindikira nokha amene wasankha njira yabwino tayala lisanafike n'komwe.

Mukatero bwererani kuti mukaone akusiya njinga n'kuyamba kuthamanga. Masitepe oyambirira amakhala achilendo, miyendo imakana kuwongoka chifukwa yazolowera kuzungulira. Apa ndi pamene mawu anu amagwira ntchito.

Opambana akafika, tizipita?

Ayi, chonde. Opambana amafika bwalo lili lodzaza, makamera ali tcheru. Amene amafuna anthu ndi aja ofika dzuwa lili paliwombo, mawondo atasupuka, malaya atayera ndi mchere wa thukuta, ena a zaka zoposa 60, ena amene chaka chatha sankatha kusambira. Nthawi imeneyo oonerera ambiri amakhala atabalalika kukafuna chakudya. Munthu amene walimbana ndi phiri maola anayi n'kupeza pomalizira pali anthu asanu okha omuombera m'manja, anthu asanuwo sawaiwala. Ngati mwayenda ulendo wonsewu, khalani m'gulu la asanuwo.

Ndingamupatse madzi kapena kumuthandiza wopikisana amene wavutika?

Musatero. Malamulo amaletsa wopikisana kulandira thandizo kwa munthu wakunja. Botolo la madzi loperekedwa mwachifundo, kapena kumugwirira njinga pamene akukonza tayala, zikhoza kumuchotsetsa mumpikisano. Madzi amalandira pamalo amene okonza anaika, ndipo tayala likaphulika amakonza yekha ndi zipangizo zimene wanyamula. Kwa ife amene tinaleredwa kuti munthu wovutika sumudutsa, zimenezi zimawawa kuziona, koma kumulemekeza ndi kumusiya amalize yekha.

Zikakhala kuti munthu wagwa ndipo sakudzuka, imeneyo ndi nkhani ina. Musamunyamule kapena kumuvula helemeti. Wina aime kumtunda kuchenjeza njinga zikubwera, wina athamangire woyang'anira wapafupi kuti aitane achipatala.

Zinanso: musawoloke njira musanayang'ane kawiri, chifukwa njinga yotsika phiri siimveka ikamabwera. Ana agwireni padzanja pafupi ndi zingwe.

Madzi a m'damumo ndi ofiirira. Si akuda amenewo?

Si akuda. Mitsinje ya m'mapiri a kuno, kuphatikizapo Palmiet umene umadzaza damu la Eikenhof, imadutsa m'zitsamba zachilengedwe za dera lino zotchedwa fynbos, ndipo masamba ndi mizu yake zimathimbiriritsa madzi kuti aoneke ngati tiyi wopanda mkaka. Mukatunga pang'ono m'manja mudzaona kuti alibe matope. Osambira amangovutika kuti saona patali pansi pa madzi, n'chifukwa chake amadzutsa mutu pafupipafupi kuyang'ana kumene akulowera.

Damu limeneli anthu a ku Cape Town ayenera kulidziwa pa chifukwa china. Amene munali mumzindawu kumayambiriro kwa 2018 mukukumbukira chilala chija, pamene tinkasamba m'ndowa ndipo boma linkawerenga masiku oti mipopi itsekedwe. Mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho alimi a dera lino, kudzera m'bungwe lawo la Groenland Water Users Association, anatsegula madzi okwana malita pafupifupi 10 biliyoni kuchokera m'damu la Eikenhof kuti apite ku Steenbras akathandize mzinda. Tsono madzi amene mukuonera anthu akusambiramowo mwina munawamwapo.

Kodi alipo akatswiri odziwika amene anapikisanapo kuno?

Alipo, ndipo dera lino latulutsa ena mwa akuluakulu a masewerawa. Conrad Stoltz wa ku South Africa, amene anzake amamutcha Caveman, anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi wa XTERRA kanayi: 2001, 2002, 2007 ndi 2010. Iyeyu anapikisanaponso ku Olympics ku Sydney ndi ku Athens. Pambuyo pake kunabwera Bradley Weiss, amene anatenga ukatswiri womwewo mu 2017 ndi 2019. Kumbali ya amayi, Flora Duffy wa ku Bermuda, amene anapata mendulo yagolide ku Olympics ya ku Tokyo, wapambanapo ku Grabouw kangapo, ndipo wakhala akuchitira zokonzekera zake ku Stellenbosch, kuseri kwa mapiri omwewa.

Chosangalatsa n'chakuti pamasewerawa palibe mpanda wautali wolekanitsa akatswiri ndi anthu. Amayenda njira imodzi ndi aphunzitsi, manesi ndi agogo amene alembetsa tsiku limenelo, ndipo akamaliza amakhala pa udzu womwewo.

Zikufanana ndi Porters Race ya ku Mulanje?

Chigawo chomaliza chokha. Ku Mulanje anthu amayambira ku Likhubula n'kukwera phiri ndi miyendo basi, ndipo chikweza chake n'chachikulu kuposa cha ku Grabouw. Amene anaonapo mpikisano umenewo adzazindikira msanga kathamangidwe ka pamiyala, kaja kotsika mosaopa. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Grabouw amayamba kuthamanga atasambira kale ndiponso atapalasa njinga kwa ola ndi theka.

Tinyamule chiyani?

Madzi akumwa ambiri kuposa amene mukuganiza kuti mufuna. Chipewa chachikulu, ambulera ya mthunzi, ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa; musanamizidwe kuti khungu lakuda silipsa, dzuwa la Febuluwale ku Cape limawotcha aliyense. Nsapato zotseka zoyendera m'miyala, osati masilipasi. Juzi yopepuka, chifukwa chigwa cha Elgin chili pamwamba ndipo m'mawa kumazizira, komanso mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikayamba kuwomba imalowa m'mafupa ngakhale dzuwa lilipo. Chitenje chimagwira ntchito zitatu: poyala pansi, pofunda m'mawa, ndi potchinga fumbi.

Foni ikhale yodzaza moto, ndipo gwirizanani malo okumanirana mukasochererana, poti m'tinjira ta m'phiri netiweki imadukaduka.

Tingapite ndi ana? Nanga anyani aja amanenedwa?

Pitani nawo. Ana amasangalala kwambiri ndi bwalo losinthira ndi mipikisano ya anzawo, ndipo mwana amene waona mnzake wa msinkhu wake akutuluka m'damu n'kukwera njinga sachedwa kufunsa kuti nanga ine. Chofunika ndi kuwayang'anira pafupi ndi madzi. Damu silili ngati dziwe losambiramo la mumzinda, pansi pake pamatsika mosayembekezeka.

Anyani mukhoza kukumana nawo makamaka pamwamba pa Sir Lowry's Pass ndi m'njira ya m'mphepete mwa nyanja. Anazolowera anthu ndipo amadziwa kutsegula chitseko cha galimoto chosakhoma. Tsekani mawindo, musatulutse chakudya iwo akuona, ndipo musawapatse kanthu. Kudyetsa anyani n'koletsedwa ndi lamulo ku Western Cape, ndipo nyani wozolowera kulanda chakudya mapeto ake amaphedwa.

Tingawotche nyama kumeneko?

Pokhapokha pamalo amene eni ake aloleza poyera. Miyezi imeneyi tchire la fynbos limakhala louma kwambiri, ndipo mphepo ikakhalapo kamoto kakang'ono kamatha phiri lonse ndi minda ya anthu m'maola ochepa. Ngakhale chotsalira cha ndudu musataye pansi. Konzerani kunyumba mpunga, nkhuku, mazira owiritsa kapena mandasi, mudzadye pamthunzi.

Ofuna kugula, pabwalo pamakhala ogulitsa zakudya. Panjira, pamphambano ya Grabouw pa N2, pali Peregrine Farm Stall, yotchuka ndi mapayi otentha ndi madzi a maapozi ofinya kumene. Kumapeto kwa sabata mzere wake umatalika, koma umayenda. Palinso Elgin Railway Market, msika wa zakudya umene uli m'nyumba yakale yosungiramo maapozi pafupi ndi njanji. Chakumwa cha Appletiser chimene mumachiona m'masitolo chinayambira m'chigwa chomwechi m'chaka cha 1966.

Febuluwale ndi nyengo yokolola, ndiye mudzaona mitengo italemedwa ndi zipatso mpaka m'mbali mwa msewu, mathirakitala akukoka mabokosi akuluakulu, ndi anthu ali pamakwerero. Musathyole ngakhale limodzi. Minda imeneyi ili ndi eni ake, ndipo woyamba kufunsidwa zipatso zikasowa amakhala wantchito.

Kunena zoona, awa si masewera a anthu olemera? Ife tikakakhala omasuka?

Funsoli ndi loona ndipo sindilizemba. Njinga zina zimene mudzaone zitapachikidwa pamenepo mtengo wake umaposa malipiro a chaka chonse a munthu wothyola maapozi tsidya lina la mpanda. Ambiri mwa opikisana ndi azungu ndi ena opeza bwino, ndipo mukadutsa m'tawuni ya Grabouw mudzaonanso zisakasa za malata zitakwera m'mbali mwa phiri, mmene mumakhala anthu obwera kudzafuna maganyu a m'minda. Zinthu ziwirizi zili pamalo amodzi, ndipo munthu wamaso sangaone chimodzi n'kusiya chinzake.

Koma zimenezi si chifukwa chokhalira kunyumba. Mapiri aja, damu lija ndi mphepo ija si za opikisana okha. Ambiri mwa ife timagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata m'nyumba, m'minda ya maluwa ndi m'malesitilanti a mzinda umene alendo amalipira ndalama zambiri kudzauona, ndipo timabwerera kumudzi patatha zaka tisanaone chilichonse kupatula msewu wa kuntchito. Zimenezi zimandipweteka. Woonerera safunsidwa kuti njinga yake ili kuti. Mukaima pachingwe n'kukuwa dzina kapena nambala ya munthu amene miyendo yamuthera, amadzutsa mutu n'kukuthokozani, ndipo sasamala kuti mwabwera pa galimoto yanji.

Pobwerera tidzere njira yomweyo?

Ngati mwatopa kapena muli ndi ana aang'ono, eya, tsikani Sir Lowry's Pass, ndipo dziwani kuti Lamulungu madzulo magalimoto obwerera mumzinda amathithikana polowa Somerset West.

Koma ngati mafuta ndi nthawi zilipo, zungulirani kunyanja. Dzuwa la Febuluwale limalowa itadutsa 7 koloko madzulo, ndiye mpata ulipo. Kuchokera ku Grabouw pitirirani ndi N2 chakum'mawa, mutsike Houw Hoek Pass kufika ku Bot River, mukhotere kumwera n'kulowa msewu wa R44 wopita ku Kleinmond. Kuyambira pamenepo mapiri a Kogelberg amakhala kudzanja lamanja, nyanja kumanzere. Dera limeneli bungwe la UNESCO linalivomereza mu 1998 kukhala malo otetezedwa a zachilengedwe chifukwa cha kuchuluka kwa mitundu ya zomera, zina zosapezeka kwina kulikonse padziko.

Ku Betty's Bay kuli Stony Point, kumene mbalame za m'nyanja zosauluka zija, ma penguin, zimaswana. Pali kanjira ka matabwa koyendamo ndipo polowa mumalipira. Amatseka madzulo kusanade, choncho musafike mochedwa. Mukadutsa Pringle Bay ndi Rooi-Els mumalowa Clarence Drive, makilomita pafupifupi 20 a msewu wokhotakhota umene unasemedwa m'mbali mwa phiri, mafunde akumenya miyala pansi panu mpaka ku Gordon's Bay. Pali malo ambiri opatukirapo. Woyendetsa asamaonere nyanja ali pachiwongolero, aime. Anangumi musawayembekezere mwezi umenewu, nyengo yawo ndi kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala. Msewu umenewu umatsekedwa nthawi zina miyala ikagumuka, ndiye funsani musanakhote ku Bot River. Njira yozungulirayi imawonjezera maola awiri kapena kuposa mukaphatikiza zoimaima.

Nanga nditatengeka mtima n'kufuna kuyesa chaka chamawa?

Khomo losavuta ndi kulowa ngati timu ya anthu atatu: wina asambira, wina apalasa, wina athamanga, n'kumapatsirana kachipangizo ka pakakolo kaja. Pakati pa Amalawi wopalasa ndi wothamanga sasowa. Njinga siyenera kukhala yodula. Yogula kwa wina, ya mabuleki ogwira ndi matayala abwino, imakwana pampikisano waufupi, ndipo helemeti ndiyo sangakuloleni popanda.

Chimene chimasowa kawirikawiri ndi wosambira. Amene anakulira ku Nkhotakota, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay ali ndi mwayi, ngakhale kuti kusambira mtunda wautali pakati pa gulu la anthu kumafuna kuphunzira kupuma mwadongosolo. Amene simudziwa n'komwe, musayambire m'damu kapena m'nyanja. Mzinda wa Cape Town uli ndi maiwe osambiramo a boma m'madera ambiri, olowa pamtengo wotsika, ndipo bungwe lopulumutsa anthu m'madzi la NSRI limaphunzitsa kwaulere luso loyambirira lodzipulumutsira m'madzi. Yambirani kumeneko, pamodzi ndi ana, miyezi yotentha isanathe.